A Senderani ndi Maikolofoni Yawo Yogontha

A Senderani sankalola munthu kuimba ali patali. Imeneyo ndiyo inali nthenda yawo, ndipo dzinalo linachokera pomwepo. Kaya ndinu mkulu wa mpingo, kaya ndinu mtsikana wamanyazi wobwera ndi kanyimbo kolemba kuseri kwa kope, mukangolowa m'kachipinda kawo kojambuliramo nyimbo, musanapukute n'komwe thukuta la masitepe, munkamva kuti senderani. Mukasendera, ankati senderaninso. Ankayeza ndi zala ziwiri pakati pa milomo yanu ndi maikolofoni. Chala chachitatu chikakwanamo, dzanja lawo linkafika pankhongo panu n'kumakukankhani mwaulemu, ngati mmene amachitira ndi mwana wokana mankhwala.

Maikolofoniyo inali imodzi yokha, yotchipa, ya mtundu uja amalengezera ana osochera pamisonkhano. Anaigula kwa munthu wogulitsa matochi ndi maloko m'mphepete mwa msewu. Mutu wake unali wopindikira mkati mbali imodzi chifukwa inagwapo kangapo, ndipo ankauveka sokosi kuti mpweya wa oimba usamaphulike m'masipika. Anaipatsa dzina loti Gonthi, ndipo ankati ubwino wake ndi womwewo. M'nyumba yosanja momwe munali kachipindako munalinso telala ndi makina ake, pansi panali owotcherera zitsulo, kuseri ankachekako matabwa, koma Gonthi zonsezo analibe nazo ntchito. Ankamva munthu mmodzi yekha, amene wafika naye pafupi ngati akufuna kumuuza chinsinsi. Wina aliyense, ngakhale ataima mapazi atatu okha n'kumakuwa, kwa Gonthi kunalibe munthu.

Tinaseka nazo zimenezi zaka makumi atatu. Amene anayamba kusiya kuseka anali akazi awo.

Tonse a m'nyumba ija tinkawatchula mayiwo kuti Alamu, chifukwa a Senderani ankaitana aliyense kuti achimwene, ngakhale wapolisi wobwera kudzawauza kuti achepetse phokoso. Patatha masabata asanu ndi limodzi chiikire maliro a amuna awo, Alamu anaima m'mawa wina akukolopa pakhomo pawo, n'kuzindikira kuti liwu la bambowo lachoka m'mutu mwawo. Zimene ankanena ankazikumbukira zonse: mmene ankafunsira madzi osamba, mmene ankadandaulira za bondo mvula ikamabwera. Koma akati azimve mumtima, zinkamveka ndi liwu la iwo eni, lachikazi. Nkhope inalipo pachithunzi. Jekete linali pamsomali, lidakali ndi fungo lake. Liwu lokha ndi limene linatuluka m'nyumba osatsanzika.

Anayamba kufufuza mufoni. Munalibe kanthu, poti a Senderani ankadana ndi kulankhula pafoni, ankangolemba kuti ndikubwera, kapena kuti gulani makandulo. Anaonera kanema wa ukwati wa mwana wawo wamkazi, maola atatu athunthu. Bambowo anaonekamo kawiri, ali kuseri kwa masipika, waya ali m'manja, pakamwa pakuyenda, koma chimene chinkamveka chinali gitala.

Sanataye mtima. Munthu wojambula mawu a anzake zaka makumi atatu angalephere bwanji kutsalamo penapake? Chovuta chinali nthawi. Eni nyumba anali atalonjeza kale chipindacho kwa mayi wina wokonza tsitsi, ndipo anati pofika Loweruka masana chikhale chopanda kanthu. Komanso a Mawailesi, mkulu wokonza mawailesi moyang'anizana ndi situdiyo, anachenjeza kuti kompyuta ya malemu ndi yodwala. Anati imayaka chifukwa chongozolowera malo, koma mukaitsitsa masitepe aja sidzadzukanso.

Choncho Lachiwiri m'mawa Alamu anakwera ndi kiyi m'manja. A Mawailesi anatseka kashopu kawo kuti awathandize. Mkuluyu ndi a Senderani anakangana za mawaya tsiku lililonse kwa theka la moyo wawo, ndipo anali atatsegulapo mimba ya Gonthi kakhumi ndi kamodzi. Alamu atawauza chimene akufuna, a Mawailesi anayang'ana pansi.

"Tiyese, Alamu," anatero.

Chipindacho chinali monga anachisiyira mwini wake. Makoma anali okutidwa ndi matiresi akale ndi matileyi a mazira, zenera linali lotsekedwa ndi bulangete, ndipo mpweya wake unali wa anthu ambirimbiri amene anatulukira thukuta pamalo amodzi. Pakati panaima Gonthi pachitsulo chake, atavala sokosi yobiriwira. Mpando wa a Senderani unali cha kumbuyo, pambali pa tebulo la makina, pilo wake atalowa pakati. Palibe amene anakhalapo. A Mawailesi anakatenga timipando tiwiri kwawo.

Nyimbo yoyamba imene anatsegula inali ya mkulu wina wa kwaya, bambo wamkulu ngati kabati, amene mzimu ukamugwira ankabwerera m'mbuyo atatambasula manja. Nkhani yake inkadziwika m'nyumba yonse. Akabwerera m'mbuyo, mawu ake ankazimiririka ngati wagwera m'chitsime, akabwera kutsogolo ankang'amba masipika. Zitakanika kasanu ndi kawiri, a Senderani anadzuka, anagwira tayi ya bamboyo n'kuimangirira kuchitsulo cha maikolofoni, mfundo ziwiri. Anamuuza kuti mzimu ukafuna kumutenga, umutengere limodzi ndi chitsulocho.

Pasipika bamboyo anaimba bwinobwino mizere iwiri, kenako kunamveka ngati mbuzi yakokedwa chingwe.

"Bambo, tayi," linatero liwu la mkulu wa kwaya.

Kunali zii.

"Ndi yobwereka, bambo."

Kunalinso zii, kotalikirapo.

"Chabwino. Tiyambirenso," linatero liwu lomwelo.

Alamu anagunditsa khutu pasipika. A Mawailesi anabweza pang'ono, n'kukweza mawu mpaka mapeto. Pamalo achete aja panali kaphokoso kokha, ngati mvula ikugwa pamalata a anthu ena, kutali.

"Anayankha pamenepo," anatero Alamu.

"Anayankha," anavomera a Mawailesi. "Ndinalipo. Koma anali pampando wawo."

Pofika masana, nyumba yonse inali itamva zoti Alamu akufunafuna liwu, ndipo aliyense anabwera ndi lake. Telala analowa tepi yoyezera ili m'khosi, n'kunena kuti malemu ankawadziwa ngati thumba la buluku lake. Anakonza pakhosi, anatupitsa chifuwa, n'kutulutsa liwu lalikulu lochokera m'mimba. Wowotcherera zitsulo anati imeneyo ndi ng'ombe, a Senderani ankalankhulira m'mphuno, ndipo anasonyeza. Mayi wogulitsa tiyi pansi pa masitepe anati onse awiri ndi abodza, bambo aja anali ndi kaliwu kopyapyala kothamanga, ngati munthu amene basi ikumusiya. Anakangana pakhomo mphindi makumi awiri, aliyense akubwereza sewero lake mokweza kuposa mnzake. Alamu anaseka mpaka kupukuta misozi. Koma akubwerera kunyumba madzulo anadzidzimuka pakati pa msewu: amuna awo anali akuwalankhula m'mutu ndi liwu la telala.

M'mawa mwake anaima pakhomo la telalayo asanatsegule situdiyo.

"Alamu, dzulo ndinaphonya pang'ono," anayamba telala. "Usiku ndaganizira bwino, ankatere…"

"Chonde achimwene, lekani. Katsala kochepa, ndiye inu mukukaponda."

Telala anatseka pakamwa, ndipo tsiku lonselo makina ake anayenda mwamanyazi.

Lachitatu linatha ndi kwaya ya anthu makumi awiri ndi asanu ndi mmodzi. Situdiyo zina zikanawaimika onse pamodzi. Koma Gonthi sankamva gulu, choncho a Senderani anawajambula mmodzimmodzi, aliyense nyimbo yonse kuyambira poyamba, masiku atatu. Mzere unayambira pakhomo, unatsika masitepe, unakhota pa mayi wa tiyi n'kukafika mumsewu, anthu atavala mayunifolomu, ali duu ngati kuchipatala. Odutsa ankafunsa kuti kukuperekedwa chiyani. Bambo wina wofuna ntchito ya ulonda anangolowa pamzere osafunsa, anadikira maola anayi, ndipo atafika mkati anapezeka dzanja lili pankhongo, milomo ili pasokosi. Anachita manyazi kufotokoza, ndiye anaimba. A Senderani anati besi ngati imeneyo sanaimvepo. Mpaka lero bamboyo alimo m'chimbale cha kwaya ija, ndipo a kwayawo amakanganabe kuti ndi wa mpingo uti.

Alamu anamvetsera anthu onsewo, mmodzimmodzi, monga anajambulidwira. Asanayambe kuimba, aliyense ankati eya bambo, pepani bambo, apa pali bwino? Yankho silinkamveka.

Pofuna popukutira magalasi awo anatsegula dirowa ya pansi, n'kupezamo masokosi. Anawerenga makumi anayi ndi atatu, popanda awiri ofanana. Zaka zonsezo Alamu ankachapa masokosi awiriawiri n'kuanula imodziimodzi. Anaimbapo mlandu mphepo, anaimbapo mlandu galu, ndipo chaka china chathunthu sanalankhulane ndi mayi wa nyumba yoyandikana nayo. A Senderani ankamva madandaulo onsewo akumwa tiyi, n'kumagwedeza mutu kuti anthu masiku ano alibe chisoni. Alamu anakhala pakampando masokosi ali pamiyendo.

"Munthu uyu," anatero.

Chakumasana anali atayamba kuwazindikira amuna awo ndi mipata imene ankasiya. Mpata waufupi unali wakuti bwerezani. Wautali, wotsatiridwa ndi kuusa moyo kwa woimba, unali ulaliki uja wakuti nyimbo si mpira, osathamanga nayo. Anthu mazanamazana, ena anamwalira kale, ena anakalamba, ankapepesa, ankatsutsa, ankathokoza munthu amene kulibe. Ndipo panali kanthu kena. Woimba akamamvetsera malangizo ankatembenuza mutu, ndiye mawu ake oyankha ankachepa pang'ono, onse kupita mbali imodzimodzi. Alamu anadzipeza nawonso akutembenukira komweko, kumpando uja. Pambuyo pake anaona kuti a Mawailesi asuntha kampando kawo kuti asaufulatire.

Lachinayi a Mawailesi anakwera masitepe mofulumira kuposa mmene mawondo awo amalolera. Anali atakumbukira chinthu. Chaka china kunabwera woimba wonyada amene anakhalako kunja, wa nsapato zosongoka, ndipo anakana kuika milomo yake pasokosi ya munthu. Anabwera ndi maikolofoni yakeyake m'kabokosi kofewa mkati, akuinyamula ngati khanda. Inali ya mtengo wa galimoto, yopachika pa timalamba, ndipo inkamva nyerere ikayetsemula. Inagwira ntchito m'chipinda chija masana amodzi okha.

"Imene ija inkamva chipinda chonse, Alamu. Ndi mpando womwe."

Anafufuza maola awiri m'kompyuta, iyo ikubuula ngati wodwala malungo. Anaipeza nyimboyo italembedwa ndi zilembo zazikulu kuti KAZITAPE.

Inali nyimbo yachikondi, ndipo woimbayo ankalonjeza mkazi wina mwezi ndi nyenyezi. Pansi pa malonjezowo makina a telala anali kaphatakaphata. Owotcherera ankamenya chitsulo. Madzi ankatsika m'paipi. Mimba ya woimbayo inalira kawiri, kachiwiriko motalika ngati ikufunsa funso. Ndipo chapatali, koma momveka bwino lomwe, mayi wa tiyi ankafotokozera kasitomala kumene mkazi wa telala amapita Lachitatu lililonse. A Mawailesi anadzuka n'kukatseka chitseko.

Atabwerera, nkhope yawo inali itagwa. Anali atakumbukira theka lina la nkhaniyo. Tsiku limenelo, asanalowe, a Senderani anaima pakhonde n'kulengeza kuti iwo salankhula pamaso pa kazitape, ndipo masana onsewo anayendetsa ntchito ndi manja okha, ngati wapolisi wapamsewu. A Mawailesi anafuna kuzimitsa, koma Alamu anawagwira mkono.

Mpando unalira. Unali womwe uja, kulira kwake kwa munthu akamatsamira kumanzere chifukwa cha bondo. Kenako supuni inazungulira m'kapu katatu n'kugogoda pamlomo wa kapuyo kamodzi. Wina anameza. Wina anapuma ndi mphuno imodzi yotsekeka, monga ankapumira pambali pawo usiku uliwonse. Woimba uja ataphonya mawu, munthuyo anakoka mpweya wautali, wa munthu amene zamukwana ndipo anena tsopano. Alamu anafinya mkono wa a Mawailesi mpaka kusiya zizindikiro za zikhadabo.

Kunamveka zala zikuthetheka kawiri, ndipo nyimbo inayambiranso.

Anabwereza kachidutswako kasanu. Kachisanu ndi chimodzi kompyuta inathima yokha, ndipo Lachisanu lonse a Mawailesi analimbana nayo atatsegula mimba yake pansi, osaphula kanthu. Alamu anathera tsikulo pa makaseti, katoni ndi katoni, akumva anthu a zaka za m'mbuyo akunena kuti eya bambo.

Loweruka m'mawa magalasi a mayi wokonza tsitsi anali atatsamira kale pakhonde, ndipo aliyense wodutsa ankadzionamo theka. Anyamata onyamula katundu anayamba kukanganula matiresi pakhoma. Atasuntha tebulo la makina, anapeza kuti mwendo wake umodzi unali waufupi, ndipo unkaima pa makaseti atatu omangidwa ndi labala. Awiri anali ophwanyika. Pa yachitatu panali zolemba za a Senderani: waya watsopano.

A Mawailesi anaitembenuza m'manja, ndipo kwa nthawi yoyamba sabata imeneyo maso awo anawala. Anati munthu akamayesa waya amakhala yekha, ndipo palibe womulankhulira pamaikolofoni koma iye mwini. Anauza onyamula katundu kuti akapume panja. Anaika kaseti m'wailesi, anayang'ana Alamu, n'kudina batani.

Linamveka liwu la mkazi, lokwiya, lili pafupi kwambiri moti sokosi inkachita kumveka ikugwedezeka.

"…ana akudikira kusukulu kuyambira masana, mvula yonseyi, inu muli pano ndi mawaya anu. Musandigwire pankhongo. Ndikulankhula."

Alamu anagwira pakamwa. Linali liwu lawo, la zaka makumi awiri zapitazo, lisanayambe kunjenjemera kumapeto.

Kunali zii.

"Sindikuyesa chilichonse ine. Ndikukuuzani zoona."

Zii.

"Ayi."

Mpata wotsatira unali wautali. Mkazi wa m'kasetiyo ankapuma mwamphamvu, kenako kupumako kunayamba kutsika.

"Inu," anatero, ukali utachepa ndi theka.

Zii.

"Nenaninso."

Pamenepa tepi inayenda nthawi yaitali popanda kanthu, moti a Mawailesi anasuzumira kuona ngati yakodwa. Ndiye mkaziyo anaphulika kuseka, kuseka kwenikweni kochokera pansi, kogwetsa munthu pachitsulo cha maikolofoni. Kunamveka chitsulocho chikugwedera.

"Ndinu opusa, bambo inu," anatero ali mkati moseka, ndipo kaseti inaduka pomwepo.

Tsikulo Alamu analikumbukira lonse litangotseguka chonchi. Anakumbukira ambulera yothyoka nthiti imodzi, nsapato zimene anavala, matope pamasitepe, ndi mmene ana anakanira kulankhula nawo onse awiri mpaka madzulo. Anakumbukira kuti analowa akufuna nkhondo n'kutuluka atanyamula jekete la bambowo pamutu. Chimene anauzidwa, kawiri konse, atachita kupempha okha kuti chibwerezedwe, sanachikumbukire.

A Mawailesi anayesa zonse zimene ankadziwa. Anavala mahedifoni, anakweza mawu mpaka singano ya makina inagona mbali yofiira, anatseka maso, anabwereza kakhumi. Mayi wokonza tsitsi anasuzumira pakhomo kawiri. Pomaliza mkuluyo anavula mahedifoni n'kuwaika patebulo pang'onopang'ono.

"Alamu, mulibe. Ndikanakonda ndikanakunamizani."

Alamu anatulutsa kaseti m'wailesi ndi manja awo, anaipukuta ndi nsonga ya nsalu, n'kuiika m'chikwama.

"Alimo," anatero. "Simunamve mmene ndinasekera?"

Pofika masana chipindacho chinali chopanda kanthu. Matiresi atachoka tinadabwa kuona kuti makoma ake ndi achikasu, ndipo bulangete litatsika panapezeka kuti zenera lija limayang'ana mtengo. Tsopano mumanunkhira mafuta a tsitsi, ndipo amayi amaseka m'menemo tsiku lonse. Si phokoso loipa. Koma pamasitepe sipakhalanso anthu ong'ung'udza mizere yawo atatseka khutu limodzi, ndipo mayi wa tiyi akuti anthu a masiku ano amamwa n'kumapita, palibe wopempha madzi ofunda a pakhosi. Telala akuti kale ankasoka motsatira mzere umodzi wa nyimbo wobwerezedwa kamakumi anayi kuseri kwa khoma, ankautukwana, koma msoko unkawongoka. Pano amasoka n'kumasula. Gonthi ali pashelefu ya a Mawailesi, pakati pa mawailesi amene eni ake sanabwere kudzatenga, ndipo mkuluyo masiku ena amafika madzulo osakangana ndi munthu. Akuti kumatopetsa kuposa ntchito.

Alamu sabweranso kunyumba yosanja ija. Oyandikana nawo akuti masana ena, akamasita zovala, kumamveka mkazi akukalipa m'nyumbamo za ana ndi mvula. Poyamba ankathamangira kumpanda kuti aone amene wayambana nawo. Tsopano anazolowera. Mayi uja amene sanalankhulane naye chaka chathunthu ndi amene anaona pazenera zimene zimachitika. Akuti mkazi wa m'kasetiyo akangokhala chete, Alamu amanyamula simbi m'mwamba kuti isachite phokoso pansalu, amapendeketsa mutu, n'kuima choncho osaphethira. Saibweza pansi mpaka mkaziyo ataseka.